Wopenda nkhani wakwiyitsa otsatsa malonda: ndiwachotse pa pulogalamu?

Pulodyusa_wa_m'dera:
Akuluakulu anzanga a pa wailesi, ndithandizeni nzeru, nkhaniyi yandisowetsa tulo. Ndimakonza pulogalamu yoimba foni ya Lachinayi madzulo pa wailesi yathu ya m'dera. Kwa chaka ndi theka takhala tikuitana bambo ena, mphunzitsi wopuma pantchito, omwe amapenda nkhani za ndale ndi za malonda mosapsatira mawu. Sabata yatha timakamba za kusowa kwa shuga. Iwo anati wamalonda wina wamkulu wa pa boma pano akubisa shuga kuti adzagulitse mtengo utakwera, ndipo dzina anatchula. Mafoni analira mpaka nthawi kutha.

Tsono wamalondayo ndi amene amalipira pulogalamuyi, ndipo ndalama zake ndi zomwe timagulira mafuta a jenereta magetsi akazima. Lachisanu m'mawa anatumiza uthenga woti bambowo asadzamvekenso, apo ayi achotsa malonda ake onse ndipo tikakumana kukhoti. Abwana akuti ndingosiya kuwaitana mwakachetechete. Mtima wanga ukukana, koma malipiro a anthu 7 akudalira pomwepo. Nditani?

Mkonzi_Wakale:
Achemwali, musanayankhe aliyense, mvetseraninso zomwe munajambula ndipo mulembe mawu awo enieni. Kunena kuti mtengo wa shuga ndi wobera anthu, amenewo ndi maganizo. Kunena kuti uje wabisa mabelo mosungira katundu, imeneyo ndi nkhani yofuna umboni. Ali nawo?

Pulodyusa_wa_m'dera:
Ndamvetsera, madala. Anayamba ndi mawu oti "aliyense akudziwa". Nditawafunsa, akuti anamva kwa anyamata aganyu otsitsa katundu. Chithunzi palibe, ndipo palibe mnyamata amene angavomere kuyankhula.

Wa_zamakhoti:
Pamenepo mwaponda pa minga. Mawu anatuluka pakamwa pa mlendo, koma amene anawafikitsa m'makomo mwa anthu ndi wailesi yanu, ndiye wamalondayo akasuma adzasumira nonse. Ndi zoona kuti mu 2025 khoti linagamula kuti gawo 200 la Penal Code, lomwe linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu wopita nawo kundende, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma mlandu wofuna chipukuta misozi ulipobe, ndipo ndi umene ungatseketse wailesi yaing'ono. Wamalondayo akhozanso kukadandaula ku MACRA, bungwe la boma loyang'anira mawailesi, kapena ku Media Council of Malawi, bungwe loona za khalidwe la atolankhani.

Sungani bwino zojambulazo. Konzani mawu aafupi oulutsa pa nthawi yomweyo ya pulogalamu, onena kuti zomwe zinanenedwa zokhudza wamalondayo wailesi ilibe umboni wake. Loya awaone kaye. Mupepese pa chiganizo chimenecho chokha, osati pa nkhani yonse ya shuga.

Mkonzi_Wakale:
Ndagwirizana nazo. Koma za kuwachotsa bambowo ndikukana, ndipo ndifotokoze chifukwa chake, poti abwana anu mwina akuona ngati akungochotsa mlendo mmodzi.

Munthu amene mwamukhazika kumaikolofoni ndi amene amasankhira omvera funso la tsikulo. Ndinaziona bwino mu Novembala 2023 pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Tsiku loyamba tinaitana katswiri wa zachuma, ndipo oimba foni onse ankafunsa za kusowa kwa ndalama zakunja ndi za IMF. Mawa lake tinaitana womenyera ufulu wa ogula. Anthu omwewo, nkhani yomweyo, koma mafunso anasanduka a mtengo wa sopo, wa minibasi ndi malipiro omwe sakukwera. Patatha masiku, mawu a mlendo wachiwiriyo ndinawamva pakamwa pa mayi wina wogulitsa tomato, akuwanena ngati ake. Umo ndi mmene openda nkhani amaumbira mtsutso: mawu awo amalowa mumsika, pa bawo, mpaka m'kamwa mwa phungu.

Ife achikulire tinakulira m'nthawi imene mawu otere kunalibe pa wailesi. Kalata ya maepiskopi a Katolika imene inawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 sinanene zachilendo. Za kumangidwa popanda kuzengedwa mlandu ndi za kusiyana kwa olemera ndi osauka anthu ankazidziwa, ankangozinong'ona. Zitanenedwa poyera, dziko linayamba kukambirana, ndipo pa 14 Juni 1993 tinavota pa riferendamu. Sindikuti mphunzitsi wanuyo ndi episkopi. Ndikuti mukamuchotsa chifukwa mwini ndalama wakwiya, omvera adzadziwa sabata yomweyo, ndipo mlendo aliyense wobwera pambuyo pake adzayeza mawu ake ndi thumba la wotsatsa malonda.

Wa_malonda_Mzuzu:
Madala mwayankhula zomveka, koma ine ndimayenda ndi mafomu a malonda m'mashopu, ndiye ndinene mbali yanga. Pa boma laling'ono amalonda okhoza kulipira mwezi ndi mwezi mwina ndi atatu, ndipo amadziwana. Mukayambana ndi mmodzi, enawo amamva tsiku lomwelo. Ndiye wamalonda wanuyo musamuyankhe pa foni. Pitani ndi abwana anu, mukakhale naye pansi.

Cholakwika chinachitika kale ndi kulola munthu mmodzi kulipira yekha pulogalamu yotsutsana. Mupempheni asamutsire malonda ake ku mpira kapena ku pulogalamu ya moni, komwe omvera ndi ambiri ndithu. Ya Lachinayi muipezere otsatsa ang'onoang'ono angapo, a chigayo, a zipangizo zaulimi, a sukulu yapulaiveti, kuti wina akakwiya musagwe. Ndipo mu mgwirizano mulembemo kuti wotsatsa sasankha alendo kapena mitu.

Mayi_Zaluso:
Ine ndimakonza pulogalamu ya zaluso, ndipo zangati zomwezi zinandigwera. Mnyamata amene ankatipendera nyimbo zatsopano ananena kuti chimbale cha woimba wina ndi chongothamangira, mawu ake osapsa. Woimbayo anakwiya, koma tinawakhazika pamodzi m'studio, ndipo kunatuluka mtsutso wabwino wa chifukwa chimene oimba amathamangira kutulutsa nyimbo: mtengo wa studio, ndi kudikira ndalama za ku COSOMA, bungwe lotolera ndalama za eni nyimbo. Chimene chinandipweteka ndinachidziwa pambuyo pake, kuti wopendayo ankathandiza kutsatsa nyimbo za woimba wina wopikisana naye, ndipo sanatiuze.

Ndiye achemwali, afunseni aphunzitsiwo mwaulemu koma mosabisa: ali ndi golosale? Mbale wawo amagulitsa shuga? Ali m'chipani, kapena akuganiza zodzaima pa chisankho? Alipo amene amawapatsa chipondamthengo? Kukhala ndi mbali si mlandu. Tonse tikukumbuka kuti a Timothy Mtambo anatsogolera zionetsero za bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC mu 2019, ndipo mu 2020 anakhala nduna. Munthu ali ndi ufulu wosintha njira. Koma omvera ayenera kuuzidwa kuti amene akuyankhulayo waima pati.

Wa_zamakhoti:
Ndiwonjezere kamodzi. Ngati nkhani yobisa katunduyo ikukuvutitsani mumtima, itsateni ngati atolankhani. Madandaulo a kubisa katundu ndi kukweza mitengo mopanda chilungamo amapita ku Competition and Fair Trading Commission. Afunseni ngati alandirako dandaulo lochokera m'boma lanu, ndipo muwapemphe adzafotokoze pa foni mmene munthu amadandaulira.

Pulodyusa_wa_m'dera:
Zikomo nonse, ndabwera ndi mmene zayendera. Mawu okonza cholakwacho tinaulutsa Lachinayi, loya atawaona. Aphunzitsi poyamba zinawawawa, anati ndawagulitsa. Tinakhala pansi ola lathunthu, ndipo anavomera kuti dzina la munthu sadzatchulanso tisanaone limodzi umboni pulogalamu isanayambe. Golosale alibe, koma anaulula kuti m'chipani china alimo, ndiye tizinena powalandira.

Wamalonda uja anakana kubwera m'studio, koma anatumiza manijala wake, amene anabwera ndi malisiti oonetsa mabelo omwe analandira mwezi umenewo. Omvera anamupanikiza ndi mafunso ndipo anayankha. Za kukhoti wasiya. Malonda wasamutsira ku mpira, koma wachepetsa ndalama, moti mwezi uno mafuta a jenereta atikwanira masabata atatu okha. Ndapeza kale a chigayo ndi a zipangizo zaulimi, ndikusakabe wachitatu. Sabata yamawa aphunzitsi sakhalanso okha, kudzakhala mayi wa komiti ya mumsika ndi wogulitsa m'golosale mmodzi.

Achimwene a ku Mzuzu, nditumizireni chiganizo chija cha mu mgwirizano mmene munachilembera kwanu, abwana akufuna achione lisanafike Lolemba.