Ngongole yapakamwa ya a Patel inkabwezedwa bwanji ku America?

Akuluakulu, ndithandizeni. Kanji Manchhu Desai wa ku Gujarat, ku India, ankayendetsa hotela ya Goldfield ku San Francisco m'ma 1940, n'kumalimbikitsa akwawo kulowa bizinesiyi. Lamulo la 1965 litafewetsa zolowa m'dzikomo, ndiponso Idi Amin atathamangitsa amwenye ku Uganda mu 1972, a Patel, mabanja ochokera ku Gujarat odziwika ndi dzina limeneli, anakhamukira mu bizinesi ya mahotela ku America. Mpamba ankabwereka kwa achibale popanda chikalata. Banja lonse linkagona kachipinda kuseri kwa kauntala, mayi akuchapa mashiti, ana akukolopa zipinda, wolipidwa palibe.

Nanga motelo (hotela yaing'ono ya m'mbali mwa msewu) ikasowa alendo, monga mafuta atavuta mu 1973, ngongoleyo ankagwirizana zotani? Komanso makampani a inshuwalansi atayamba kuwakana, bungwe la amwenye eni mahotela ku America la AAHOA lisanakhazikitsidwe mu 1989, moto ukabuka ankathandizana bwanji?