Utoto ukusendeka pa zojambula za ku India za pa mica

Akuluakulu odziwa zojambula za nthawi ya East India Company (kampani ya ku Britain imene inkalamulira madera ambiri a India), ndithandizeni. M'zaka za m'ma 1800, m'mizinda ya ku India ya Trichinopoly, Patna ndi Benares ankajambula ndi utoto wa gouache (utoto wosungunula ndi madzi) pa mica, mwala wopyapyala woonekera kuseri. Ankajambulapo osoka zovala, otunga madzi, ometa tsitsi ndi opembedza achihindu. Vuto ndi lakuti mica ndi woterera, samwa utoto, ndiye utotowo umasendeka. Ukachoka pachipumi cha munthu wojambulidwayo ndiye zavuta, chifukwa mpamene timazindikirira munthuyo: mizere itatu yopingasa ya phulusa ndi ya otsatira mulungu Shiva, yoimirira ngati U ndi ya otsatira mulungu Vishnu.

Ndi guluu wanji angagwire utotowo osausintha maonekedwe? Nanga posunga, pepala lopanda asidi likhudze utotowo, kapena lingaukande?