Tiwayankhe bwanji amayi amene akufunsa za kachipangizo ka Rape-aXe?

Mphungu, Lilongwe:
Moni nonse anzanga. Ndabwera ndi vuto limene landikulira sabata ino. Masiku onse foni ya ku ofesi kwathu imalandira mauthenga ochepa, ambiri okhudza nkhanza za m'banja, koma kuyambira Lolemba achuluka mwadzidzidzi moti sitikutha kuwayankha onse, ndipo funso lake ndi limodzi: kodi kachipangizo koluma mwamuna wogwiririra kakugulitsidwa kuti, nanga mtengo wake ndi wotani? Titafufuza tapeza kuti chithunzi cha kachipangizoka chikuyenda m'magulu a WhatsApp, ndipo wina, mwina mwa kukoma mtima, analembapo nambala yathu. Chimene chikundisowetsa tulo n'chakuti dzulo uthenga wa mtsikana amene anachitidwa chipongwe Lamlungu tinauwona mochedwa, utakwiririka pakati pa mafunsowo. Tiziwayankha chiyani anthuwa?

Namwino, Blantyre:
Amayi, choyamba tiuzeni ngati mtsikanayo wafika kuchipatala, chifukwa mankhwala a PEP oteteza ku kachirombo ka HIV amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe.

Za chithunzicho, si chatsopano ayi. Kachipangizoka anakapanga ndi Sonnet Ehlers wa ku South Africa, amene anakaonetsa kwa anthu mu 2005 kakutchedwa RapeX, kenako dzina linasintha n'kukhala Rape-aXe. Ndi kathumba ka mphira kamene mayi amakalowetsa ngati kondomu ya amayi, koma m'kati mwake muli timbedza timene timakola mwamunayo pamene akutuluka, ndipo ganizo la mwiniwake linali lakuti ululuwo upatse mayi mpata wothawa, komanso kuti wolakwayo adziwike akapita kwa dokotala kuti akamuchotse. Nkhaniyi inamvekanso kwambiri mu 2010 pa nthawi ya mpikisano wa mpira wa World Cup, pamene anthu anauzidwa kuti tizipangizo 30,000 tigawidwa. Ine monga namwino chimene ndimaona n'chakuti kachipangizoka kamagwira ntchito mayi atagwiriridwa kale, kotero sikoyenera kukatchula kuti n'koteteza.

Mphungu, Lilongwe:
Wafika, a namwino. Tinamuperekeza usiku womwewo, maola asanakwane, ndipo wayamba kumwa mankhwala.

Wogwira ntchito ndi amayi obwera, Johannesburg:
Zikomo kuti mwanayo wathandizidwa. Ine ndakhala kuno zaka zambiri, ndipo m'masitolo ogulitsa mankhwala amene ndimalowa sindinakaonepo kachipangizoka. Ndikupempha kuti mfundo imeneyi muinene poyera, chifukwa pamene anthu ambiri akufuna chinthu chosapezeka, pamatulukira akathyali onena kuti tumizani ndalama pa foni tikubweretsereni kuchokera ku Joni. Kunonso mabungwe ambiri othandiza amayi sanakalandire bwino pamene kanatuluka. Ankadandaula kuti mwamuna wovulazidwa angathe kupsa mtima n'kupha mayiyo, makamaka ngati achiwembuwo ali angapo, komanso kuti udindo wopewa nkhanza ukusenzetsedwa kwa mayi, amene akuyenera kuyenda tsiku lililonse atavala chinthu m'thupi mwake poyembekezera choipa.

Wothandiza pa zamalamulo, Zomba:
Zonse mwanenazi ndikuzimva, koma ndikupempha kuti tisawayankhe amayiwa ngati kuti afunsa zopanda nzeru. Ine ndaperekeza anthu ambiri ku bwalo la milandu, ndipo ndaona mlandu ukukankhidwa mwezi ndi mwezi mpaka mboni zitatopa, ndaonanso achibale akukakamiza mtsikana kuti akambirane pakhomo chifukwa wolakwayo ndi amalume ake kapena ndi amene amamulipirira sukulu. Malamulo athu ndi okhwima, pakuti wopezeka wolakwa pa mlandu wogwiririra angathe kukhala m'ndende moyo wake wonse, komabe mayi wamba sakhulupirira kuti zidzafika pamenepo. Mayi akamafunsa za timbedzati akufuna chinthu chimene chingasiye chizindikiro pa thupi la womulakwira, kuti mawa asadzamunene kuti akunama. Tikangoti kulibe, n'koopsa, basi, adzaona ngati nafenso tamutsekera khomo, ndipo sadzaimbanso tsiku limene adzatifune.

Namwino, Blantyre:
Bambo, mwanena zoona, ndipo ndikuvomereza kuti yankho langa linali louma. Koma taonani kuti chitsanzo chanu cha amalume chikutithandizanso. Ambiri amene ndimawalandira anachitidwa nkhanza ndi munthu womudziwa, m'nyumba kapena pafupi ndi kwawo, ndipo ambiri mwa iwo ndi ana, amene sangavale chinthu chotere. Ngati chimene amayiwa akufuna ndi umboni, tiwauze mmene umboni umasungidwira: munthu afike kuchipatala msanga, ngati n'kotheka asanasambe, zovala zimene anavala asazichape ndipo azikulunge m'pepala, osati m'jumbo ya pulasitiki, poti chinyezi chimawononga umboni. Akhale kuti wasamba kale, abwerebe, chifukwa PEP ndi mapiritsi oletsa kutenga mimba, amene amagwira ntchito mpaka masiku 5, akufunikabe. Kwathu kuno sitibweza munthu chifukwa choti alibe kalata ya polisi, timayamba tamuthandiza kenako n'kumulumikiza ndi a Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza anthu ochitidwa nkhanza.

Kwa amene akufuna njira yodzitetezera choipa chisanachitike, pali maphunziro amene bungwe la Ujamaa Pamodzi lakhala likupereka m'masukulu, ophunzitsa atsikana kuzindikira ngozi, kukana mokweza mawu ndi kudzipulumutsa. Amenewo anayesedwa kuno komwe, m'maboma a Lilongwe, Dedza ndi Salima, ndipo anaonetsa kuti amachepetsa nkhanzazi.

Mphungu, Lilongwe:
Ndathokoza nonse. Takambirana ndi anzanga ku ofesi ndipo tagwirizana kulemba yankho limodzi loti tizitumiza kwa aliyense wofunsa. Liyamba ndi funso lakuti kodi pali chimene chakuchitikirani inu kapena mwana wanu m'masiku atatu apitawa, ndipo woyankha kuti inde tizimuimbira nthawi yomweyo. Kenako linena kuti mantha ndi mkwiyo wawo tikuzimvetsa, kuti kachipangizoka ife sitigulitsa ndipo asatumize ndalama kwa aliyense wolonjeza kukabweretsa, n'kumaliza ndi za maola 72, kasungidwe ka zovala ndi nambala yaulere ya 116 ya nkhani za ana. Mnzathu mmodzi taika kuti ntchito yake sabata ino ikhale yongowerenga uthenga uliwonse ukangolowa. A namwino, ndikutumizirani zimene talembazo madzulo ano kuti muone ngati mbali ya mankhwala ili bwino tisanayambe kutumiza mawa m'mawa.