Kodi aphungu angachotsedi Pulezidenti pampando, kapena amangoopseza?

Wa ku Chibavi:

Akuluakulu, ndithandizeni. Boma likangoyambana ndi otsutsa, mawu akuti impichimenti amadzaza pawailesi, m'maminibasi a ku Luwinga, ngakhale ku Zigwagwa. Koma chiyambire 1994 palibe Pulezidenti amene wachotsedwapo mwanjira imeneyi. Lamulo limati chiyani kwenikweni, ndipo pamafunika aphungu angati? Zija za 2005 zofuna kuchotsa Bingu wa Mutharika zinafera pati? Ngati kuchotsa kuli kovuta chonchi, Nyumba ya Malamulo ili ndi chingwe china chiti chokokera boma?

Wa ku Katoto:

Achimwene, zonse zili m'gawo 86 la malamulo aakulu a dziko lino, ndipo gawolo ndi lalifupi. Limakhudza anthu awiri okha, Pulezidenti ndi wachiwiri wake woyamba.

Chifukwa chochotsera sichingakhale kukwera mtengo kwa chimanga kapena mizere ya mafuta. Lamulo likufuna kuphwanya kwakukulu kwa malamulo aakulu a dziko, kapena kwa malamulo ena olembedwa. Kuphwanyako kukhale kuti kunachitika munthuyo ali pampando, kapena kunaululika ali pampando. Mawu achiwiriwa ambiri sawaona. Akutanthauza kuti chimene munthu anachita asanalowe ku State House chikhoza kumutsatira ngati chadziwika iye akulamulira. Mlandu suola.

Mavoti ndi awiri, osati amodzi. Oyamba ndi omuimba mlandu, ndipo amachitika Nyumba yonse itakhala ngati komiti. Achiwiri ndi omupeza wolakwa. Onse awiri amafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu a m'Nyumba. Onetsetsani apa: sakuti a aphungu amene abwera tsikulo ayi. Potsimikiza mkulu wa majaji, gawo 111 limawerenga okhawo amene alipo ndipo avota, koma gawo 86 limawerenga Nyumba. Ndiye phungu amene wadwala, wapita ku maliro kumudzi kapena wangozemba kukakhala kukantini, wavotera Pulezidenti osakweza mkono. Pamene mipando inali 193 pankafunika 129. Tsopano ili 229, choncho pakufunika 153. Tembenuzani masamuwo muone: Pulezidenti akangosunga aphungu 77, nkhani yatha. Nduna ndi achiwiri awo amene ali aphungu amakhala atadzaza kale gawo labwino la nambala imeneyo, ndipo palibe amavotera kuti galimoto yake ya boma ilandidwe.

Akapezeka wolakwa amachoka, ndipo saloledwanso kudzakhala paudindo. Kuchotsedwako sikutseka makhoti, akhoza kuzengedwa mlandu pambuyo pake. Izi n'zofunika chifukwa gawo 91 limamuteteza kuti asaimbidwe mlandu wa upandu kukhoti ali pampando. Za matenda n'zina, zili m'gawo 87 ndipo zimayambira kwa madokotala.

Pali chilema chimodzi chimene tinadzipatsa tokha. Olemba malamulo a 1994 anaika Nyumba ziwiri, ya aphungu ndi Senate, kuti oimba mlandu asakhale okha poweruza. Senate sinakhazikitsidwe, ndipo mu 2001 aphungu anaifufutiratu m'malamulo. Lero anthu omwewo ndiwo odandaula, ofufuza ndiponso oweruza. Koma gawo 86 lomwelo likunena kuti ndondomeko yake ikhale yachilungamo, woimbidwa mlandu amvedwe mokwanira. Loya aliyense wa Pulezidenti amayambira pamenepo akathamangira kukhoti.

Mayi a ku Mchengautuwa:

A ku Katoto afotokoza lamulo, ine ndiyankhe za 2005, chifukwa m'menemo ndi mmene muli phunziro lenileni la momwe zinthuzi zimayendera.

Bingu wa Mutharika anapambana mu May 2004 pa tikiti ya UDF. Mu February 2005 anatuluka m'chipanicho n'kuyambitsa DPP, chipani chimene panthawiyo chinalibe phungu ndi mmodzi yemwe wosankhidwa m'dzina lake. UDF inapezeka kuti yapambana chisankho koma ili kumbali yotsutsa, pambali pa MCP ya John Tembo. Pamapepala otsutsa anali ambiri. Chimene anapeza n'chakuti gawo 86 limati njira yochotsera ilembedwe m'malamulo oyendetsera zokambirana za m'Nyumba, aja amati Standing Orders, ndipo njirayo inali isanalembedwe. Zaka khumi zinali zitadutsa popanda wolemba. Choncho anayamba kusoka ukonde nsomba ili kale m'maso, ndipo aliyense ankaona kuti ndondomekoyo ikulembedwera munthu mmodzi.

Mkangano wa nkhaniyi unatentha kwambiri mu June 2005, moti Sipikala Rodwell Munyenyembe, mwana wa kuno kumpoto wochokera ku Chitipa, anakomoka ali pampando wake m'Nyumba, ndipo anamwalira patangopita masiku ochepa ku South Africa. Louis Chimango ndiye analowa m'malo mwake. Mu October chaka chomwecho Nyumba inavomereza ndondomeko ija, koma bwalo lalikulu la milandu linapereka chiletso ntchito isanafike pa voti, ndipo kumayambiriro kwa 2006 pempho lochotsa Pulezidenti linabwezedwa. Voti ya 129 sinayesedwe n'komwe.

Nkhondo inangosamukira ku gawo 65, loletsa phungu kusiya chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumba. Aphungu ambiri anali atawolokera ku boma. Sipikala akanati alengeze kuti mipando yawo ilibe eni, boma likanatsala ndi anthu ochepa kwambiri, ndipo masamu a impichimenti akanasintha. N'chifukwa chake gawo 65 ndi gawo 86 ndi nkhani imodzi. Bingu anatumiza gawolo kukhoti kuti alimasulire, ndipo mu June 2007 bwalo la apilo linati gawolo ndi lovomerezeka. Aphungu okhudzidwa anatenga chiletso chomanga manja a Sipikala. Otsutsa anabwezera pokana kukambirana bajeti mpaka gawo 65 litagwira ntchito.

Apa ndi pamene otsutsa anadziwombera okha. Nthawi imeneyo chaka cha boma chinkayamba pa 1 July. Bajeti ikachedwa, gawo 178 limalola kuti boma ligwiritse ntchito ndalama zoyendetsera zofunika kwa miyezi inayi yokha. Koma mlimi wa ku Mzimba amene akudikira makuponi a feteleza mvula isanagwe safuna kumva za gawo 65. Mafumu, ophunzira ndi mabungwe anatembenukira aphungu, ndipo bajeti inadutsa mu September 2007. Itangodutsa, Pulezidenti anatseka msonkhano wa Nyumba, aphungu n'kukhala miyezi yambiri osakumana mpaka 2008. Gawo 59 limati Sipikala amaitanitsa Nyumba mokambirana ndi Pulezidenti, ndipo wotulutsa ndalama za msonkhanowo ndi boma lomwelo. Pa chisankho cha 2009 DPP inatenga mipando yoposa 110.

Wa ku Zolozolo:

Amama, zonse mwanenazi n'zoona, koma mwasiya funso limene aphungu amayamba kudzifunsa asanawerenge n'komwe milandu: akachoka, alowe ndani? Gawo 83 likuti wachiwiri woyamba amamaliza zaka zotsalazo. Palibe chisankho chatsopano. Mu 2005 wachiwiriyo anali Cassim Chilumpha wa UDF. Ndiye phungu wa MCP akanavota kuti achotse Bingu n'kubwezera boma m'manja mwa chipani cha Bakili Muluzi, iye n'kutsalabe kumbali yotsutsa. Mgwirizano wotere sulimba. Kuti muchotse onse awiri ndiye muyendetse milandu iwiri, ndipo mukatero gawo 85 likuti nduna zisankhe pakati pawo wogwirizira mpaka chisankho. Mwathamangitsa mwini nyumba, makiyi mwapatsa ana ake.

Khoma lomwelo limatetezanso wachiwiri kwa bwana wake. Mu February 2006 Bingu analengeza kuti Chilumpha wadzichotsa yekha posabwera kuntchito, makhoti anakana. Joyce Banda anachotsedwa mu DPP mu December 2010 koma anakhalabe wachiwiri, ndipo pa 7 April 2012 analumbira kukhala Pulezidenti. Saulos Chilima anayambitsa UTM mu 2018 ali pampando womwewo. Khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Ndipo tisamaone ngati aphungu akapatsidwa mpeni amadula zoyenera zokha. Mu November 2001 Nyumba yomweyi inavota kupempha kuti majaji atatu a bwalo lalikulu achotsedwe, anthu ambiri n'kuona kuti cholakwa chawo chinali zigamulo zosakomera boma. Sanachotsedwe. Nambala yokwera ija imatchinjirizanso ku zoterezi. Mu July 2002 bilu yochotsa malire a nthawi ya Pulezidenti inagwa chifukwa inaperewera mavoti atatu okha kuti ikwane magawo awiri mwa atatu.

Wa ku Chibavi:

Zikomo nonse. Ndiye tinene kuti Nyumba ilibe mano? Nanga ku America amatha bwanji, paja timamva kuti Trump anamuchita impichimenti kawiri?

Wa ku Katoto:

Ku America mawuwo amasokoneza. Kumeneko impichimenti ndi kuimbidwa mlandu chabe ndi Nyumba ya m'munsi, ndipo pamangofunika opitirira theka. Kuweruza kuli ku Senate, kumene pamafunika 67 mwa 100. Andrew Johnson mu 1868 anapulumuka ndi voti imodzi, Bill Clinton anapulumuka mu 1999, Donald Trump mu 2020 ndi 2021, ndipo ulendo wachiwiriwo omupeza wolakwa anali 57. Palibe amene anachotsedwa. Richard Nixon anatula yekha mu 1974 a chipani chake atamuuza kuti sadzamuteteza. Robert Mugabe naye anatula pa 21 November 2017 ZANU-PF yake itayambitsa ntchito yomuchotsa. Mtsogoleri amagwa anzake akamutaya, osati adani akakuwa.

Mano alipo, koma ali m'malo osasangalatsa kuonera. Gawo 60 limapatsa Nyumba ndi makomiti ake mphamvu yofufuza ndi kuitanitsa munthu aliyense, nduna kapena mlembi wamkulu wa unduna. Gawo 89 likuti Pulezidenti akhoza kuitanidwa kudzayankha mafunso, ndipo Lazarus Chakwera anakayankha mu September 2020. Gawo 73 limamupatsa masiku 21 kuti asainire bilu. Akakana amaibweza ndi zifukwa, ndipo aphungu akaidutsanso pakapita masiku 21 koma miyezi itatu isanathe, ayenera kusaina. Voti yachiwiriyi safuna magawo awiri mwa atatu, zomwe zikutanthauza kuti kukana kwa Pulezidenti wathu n'kofooka kuposa kwa wa ku America. Chimene chimapha mabilu obwezedwa ndi kalendala, Nyumba ikapanda kukumana m'miyezi itatuyo.

Pa maudindo ndiye pamaluma. Mu 2005 Nyumba inakana Mary Nangwale kukhala mkulu wa apolisi. Mu May 2021 komiti yoona za kusankha anthu m'maudindo inakana Martha Chizuma kukhala mkulu wa ACB, anthu atakwiya inamuvomereza pasanathe sabata. Nkhani ziwirizi zikuonetsa mphamvu ndi matenda ake nthawi imodzi, chifukwa voti imatsata chipani kuposa mapepala a munthuyo.

Mayi a ku Mchengautuwa:

Ndiwonjezere za ndalama, poti a ku Katoto adumphapo. Choyamba, tisamasokoneze ma PAC atatu: pali komiti ya maudindo ija, pali komiti yolondoloza ndalama za boma, ndiye pali bungwe la azipembedzo limene si la Nyumba konse.

Yolondoloza ndalamayo mwamwambo imatsogoleredwa ndi wa kumbali yotsutsa. Njira yake ndi iyi: mkulu wofufuza mabuku a boma amalemba lipoti, lipotilo limaperekedwa m'Nyumba, komiti imaitana alembi aakulu ndi mabwanamkubwa kuti afotokoze ndalama zopanda malisiti, kenaka imalemba zoyenera kuchitika, unduna wa zachuma n'kuyankha. Pamaonongekera patatu. Malipoti amafika mochedwa, woyankha n'kukhala munthu amene anapeza ndalama zitapita kale. Komiti ilibe mphamvu yomanga kapena kuzenga mlandu, imangopereka kwa apolisi, ACB ndi mkulu wozenga milandu, omwe atsogoleri awo amasankhidwa ndi Pulezidenti. Ndipo komiti imakumana pokhapokha ndalama zake zikatuluka ku Treasury. Kumbukirani kuti Cashgate sinaululidwe ndi komiti, inaphulika mkulu woona za bajeti atawomberedwa mu September 2013.

Pa bajeti penipeni, gawo 57 limaletsa aphungu kuwonjezera msonkho kapena ndalama zotuluka popanda chilolezo cha nduna ya zachuma. Phungu wa Mzuzu sangaimirire n'kulamula kuti ndalama za msewu wa M1 zikwere. Chimene angathe ndi kugwira voti ya unduna umodzi pamene Nyumba ikudutsa bajeti unduna ndi unduna, mpaka nduna itayankha kuti za chaka chatha zinapita kuti. Kugwira unduna umodzi kumapweteka nduna, pomwe kugwira bajeti yonse ngati 2007 kumapweteka anamwino a pa Mzuzu Central ndi aphunzitsi. Tsopano chaka cha boma chimayamba pa 1 April, ndiye achimwene a ku Chibavi, mukafuna kuona ngati phungu wanu akukoka chingwe, mutchere khutu mu February ndi March, makamaka masiku amene makomiti akhala m'magulu kuunika bajeti. Mukamufunse kuti ali m'komiti iti, ndipo anafunsa chiyani pa lipoti lomaliza la mabuku a khonsolo ya mzinda.