Laputopu yatsopano ya Celeron kapena ThinkPad ya ex-UK? Kasitomala akufuna zaka zisanu

Wa ku Zomba: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Mayi ena amene ali ndi malo otaipira ndi kusindikiza makalata kuno andituma kuti ndiwagulire malaputopu atatu. Ntchito zawo ndi za Word, Excel, ma CV a ana asukulu, ndi CorelDRAW nthawi ya makadi a ukwati. Andifunsa kuti akagula yatsopano, ipita zaka zingati isanatsalire m'mbuyo. Iwo akufuna zisanu. Ndalama zawo zikukwana yatsopano ya Celeron N4020, RAM (memori yogwirira ntchito) 4GB, eMMC (chosungira mafayilo chowotcherera pa bodi) 64GB, kapena ThinkPad T480 ya ex-UK. Mtima wawo uli pa yatsopanoyo poti ili m'katoni. Ndiwauze chiyani?

Wa ku Limbe: Achimwene, katoniyo isawanyenge. N4020 ndi purosesa ya 2019 ya ma core awiri. Chikopa n'chatsopano, koma za m'kati zinakalambira m'sitolo. Core i5-8250U imene imapezeka mu T480 inatuluka 2017, komabe ili ndi ma core anayi ndipo Celeron sangaiyandikire.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi RAM. Pa malaputopu ambiri otsika mtengowa anaiwotcherera pa bodi, ndiye 4GB imene mwagula nayo ndi yomweyo mpaka kalekale. Mwezi watha mphunzitsi wina anandibweretsera yotere, yosakwana chaka. Disiki C inali yofiira, update ikukana kulowa chifukwa malo atha. Nditamasula zomangira n'kutsegula pansi, ndinangopeza bodi yaing'ono ngati chikhatho, popanda polowetsa RAM kapena SSD (disiki yothamanga yosungira mafayilo). Ndinatseka n'kuwabwezera chomwecho, iwo misozi ili lengelenge poti anachita kutenga ngongole. T480 ili ndi malo awiri a RAM, mutha kukweza mpaka 32GB.

Wa ku Mzuzu: Zoona alongo anga, koma musaiwale batire. Ya ex-UK yagwira kale ntchito zaka zingapo mu ofesi, ndipo ndi kuzimazima kwa magetsi kwathu kuno, laputopu yopanda batire ndi desikitopu basi. Musanapereke ndalama, tsegulani Command Prompt, mulembe powercfg /batteryreport. Mu lipoti limene lituluke, muyerekeze Design Capacity (mphamvu ya batire ili yatsopano) ndi Full Charge Capacity (imene ikusunga panopa). Yachiwiriyi ikatsika pansi pa theka la yoyambayo, mtengo wa batire ina muuphatikize pa mtengo wa laputopuyo, mukambirane naye wogulitsa. T480 zambiri zili ndi mabatire awiri, yam'kati ndi yochotsa yakunja, muone zonse ziwiri.

Wa ku Zomba: Zikomo achemwali, za mabatire awirizi sindinaziganizire. Nanga za zaka zisanuzo ndilonjeze?

Madala a ku Lilongwe: Musalonjeze msanga, mwana wanga. Ine ndayamba ntchitoyi nthawi ya Windows XP, ndipo makina ambiri amene ndawaona akutayidwa anali akuyakabe bwinobwino. Chimene chinawasiya ndi mapulogalamu. Windows 10 inatuluka 2015, Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 Okutobala 2025. Windows 11 imafuna TPM 2.0 (kachipangizo ka chitetezo ka m'kompyuta) ndi purosesa ya Intel yoyambira jenereshoni 8, kapena Ryzen 2000 kupita m'tsogolo. Munthu amene anagula yatsopano ya jenereshoni 7 mu 2017, pofika 2021 Windows 11 ikutuluka anali atatsala kale panja, patangopita zaka zinayi. Anapitiriza ndi Windows 10 zaka zina zinayi. Ndiye muone, zaka zisanu ndi zitatu zinatheka kwa amene anali ndi makina olola SSD ndi RAM yoonjezera.

Chenjeraninso, si T480 iliyonse ili ndi jenereshoni 8. Zina zinatuluka ndi i5-7300U. Dzina la pachivundikiro lisakukwanireni, lowani mu Settings, System, About, muwerenge nambala yoyamba pambuyo pa i5. Ikakhala 7, isiyeni ngakhale mtengo ukome bwanji.

Wa ku Limbe: Koma madala, ndi pulogalamu ya Rufus, imene imadumpha zofunikirazo, timalowetsa Windows 11 pa jenereshoni 6 ndi 7 tsiku ndi tsiku, imayenda.

Madala a ku Lilongwe: Imayendadi, pa makina anu a kunyumba chitani. Koma pa bizinesi ya mayi amene akudyetsa banja, ayi. Microsoft inanena poyera kuti makina otere sikuwatsimikizira ma update. Tsiku limene adzakane, foni idzalira ndi yanu. Ndipo jenereshoni 8 ndiyo ili pamzere wapansi penipeni. Ndikanakhala ine, ndikanawauza mayiwo agule awiri a jenereshoni 10, monga Dell Latitude 5410, RAM 8GB ndi SSD 256GB, wachitatu adzagule ndalama zikalowa. Pamenepo zaka zisanu ndingazitchule mosachita manyazi, bola batire adzasinthe kamodzi pakati.

Wa ku Mzuzu: Muonjezere za fumbi. Malo osindikizira amakhala ndi fumbi la mapepala, chitseko chili pululu tsiku lonse. Ikafika Okutobala, fani imalira ngati chigayo, purosesa n'kumadzichepetsa liwiro chifukwa cha kutentha, mwiniwake n'kumati makina akalamba. Kamodzi pachaka muzikatsegula, kupukuta fani, n'kupaka thermal paste (phala lothandiza purosesa kutaya kutentha) yatsopano. Muwauziretu mtengo wake lero lomwe.

Wa ku Zomba: Ndawaimbira mayi aja. Poyamba anakana, amati sangagule zotsala za anthu ena. Nditawafotokozera za mphunzitsi uja ndi RAM yowotcherera, avomera awiri a jenereshoni 10. Achimwene a ku Limbe, Loweruka ndikubwera ndi minibasi yam'mawa, tikayendere limodzi masitolo. Ndibwera ndi flash ndi screwdriver yanga, palibe laputopu imene ndilipire ndisanaone battery report ndi malo a RAM.

Wa ku Limbe: Bwerani. Mutengenso fayilo imodzi ya CorelDRAW ya mayiwo, yolemera kwambiri, tikaitsegule pamakinawo wogulitsa akuona.