Mwala wa dolomite pamwamba pa makabati a kukhitchini: ndi wolimbadi?

Nachisale_M:
Moni nonse. Ndikufuna kuika mwala pamwamba pa makabati a kukhitchini, ndipo mtima wagwera pa dolomite, woyera uja wa mizere yotuwa. Ogulitsa akuti ndi wolimba kuposa marble, komanso suthimbirira ukaupaka mankhwala otetezera mwala otchedwa sealer. Kodi n'zoona? Khitchini yake ndi yophikiramo tsiku ndi tsiku, osati yongoonetsa alendo. Ndiyang'ane chiyani ndisanalipire?

Wosema_miyala:
Mayi, sanakunamizeni, koma sanakuuzeni zonse. Pa sikelo ya Mohs, yoyezera kulimba kwa miyala, marble wamba ali pa 3, dolomite ali pakati pa 3.5 ndi 4, pomwe granite ali pa 6 mpaka 7. Chitsulo cha mpeni chili cha pa 5.5. Apa muone kuti dolomite amaposa marble pang'ono chabe, ndipo mpeni umaukanda ndithu mwalawu mukamadulirapo popanda thabwa.

Nkhani yaikulu ndi asidi. Marble wamba ndi calcium carbonate, dolomite ndi calcium magnesium carbonate. Mu 1791, katswiri wa miyala wa ku France, Déodat de Dolomieu, anafotokoza za mwala wa m'mapiri a Alps wofanana ndi wa laimu koma wosachita thovu msanga ukathiridwa asidi, ndipo ndi womwewu. Asidi amachedwa kuudya, koma amaudyabe. Madzi a mandimu, viniga, vinyo kapena matimati zikakhalitsa pamwamba pake, pamatsala malo a mbuu, osanyezimira.

Chenjeraninso ndi mayina. Mwala wa ku Brazil wotchedwa Super White umagulitsidwa kawirikawiri ngati quartzite, mwala wolimba kwambiri kuposa dolomite, chonsecho mbali yaikulu ndi dolomite. Musadalire dzina lolembedwa pamwala. Pemphani kachidutswa kochokera pa chimwala chomwecho chimene adzakudulirenicho, muyesere kunyumba. Choyamba, kandani galasi ndi msonga ya kachidutswako: quartzite weniweni amalemba mzere pagalasi, dolomite amangoterereka kapena kusiya kaufa. Kenako dontheziranipo madzi a mandimu, mudikire mphindi 15, mupukute, muyang'ane chopendeketsa powala. Kwinako dontheziranipo madzi wamba ndi mafuta ophikira. Pakada msanga, mwalawo ndi womwa kwambiri. Yesani malo angapo, chifukwa chimwala chimodzi chimatha kukhala cholimba pena, chofewa pena.

Gogo_wa_mapulani:
Ndionjezere pa za sealer, chifukwa apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwa. Pali mavuto awiri osiyana. Kuthimbirira kumachitika mafuta kapena khofi akalowa m'timabowo ta mwala, ndipo malowo amada. Kudyeka ndi asidi kumachitika pamwamba penipeni, ndipo malowo amayererako. Sealer amalowa m'timabowo n'kuchedwetsa madzi ndi mafuta, basi. Sealer saletsa asidi, ngakhale mutapaka kasanu.

Kapakidwe kake: mwala ukhale woyera ndi wouma bwinobwino. Pakani ndi kansalu kofewa, musiye mphindi zimene zalembedwa pabotolo (nthawi zambiri 10 mpaka 20), kenako pukutani wotsala yense asanaume. Akaumira pamwamba amasiya mizere yomata yovuta kuchotsa. Musanyowetsepo kwa maola 24. Za kubwereza musawerengere kalendala yokha: thirani madzi pang'ono pafupi ndi sinki, ndipo ngati pamalopo pada pasanathe mphindi 10, nthawi yopakanso yakwana. Pa khitchini yotanganidwa zimenezi zimachitika pafupifupi chaka chilichonse.

Potsuka, madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale n'zokwanira. Viniga, mankhwala ochotsera laimu wa m'madzi ndi waya wokwechera mapoto zisayandikire. Mafuta akalowa kale, sakanizani soda wophikira ndi madzi zikhale ngati phala lolimba, matanipo mochindikala pafupifupi theka la sentimita, phimbani ndi pulasitiki maola 24, kenako vundukulani kuti ziume zokha. Pouma m'pamene zimakoka mafutawo. Mwina mudzafunika kubwereza kawiri kapena katatu.

Nachisale_M:
Zikomo kwambiri. Ndiye ndisankhe wonyezimira kapena wosanyezimira uja? Komanso akundifunsa ngati ndikufuna wa masentimita 2 kapena 3.

Gogo_wa_mapulani:
Kwa ine, wosanyezimira, umene ogulitsa amautcha honed. Asidi akadya pamwala wonyezimira, chilemacho chimaonekera patali, makamaka ngati zenera lili pafupi. Pa wosanyezimira chimabisala. Kuipa kwake n'kwakuti umamwa msangako, choncho sealer musamuzengereze.

Mmisiri_Phiri77:
Agogo anena zoona, koma wonyezimira nawo uli ndi ubwino wake: chilema chaching'ono cha asidi mutha kuchichotsa nokha ndi ufa wopukutira marble ndi kansalu konyowa. Chikakhala chakuya, chokhakhala mukachigwira, pamafunika mmisiri wa makina.

Pa kuchindikala, tengani wa masentimita 3 ngati makabati anu ndi olimba. Kumbukirani kulemera: sikweya mita imodzi ya masentimita 3 imalemera makilogalamu pafupifupi 85, ya masentimita 2 pafupifupi 57. Wa masentimita 2 umafuna thabwa la plywood pansi pake. Makabati ayezedwe ndi levulo mwala usanafike, chifukwa kabati imodzi ikatsika pang'ono, mwala umalendewera pamenepo ndipo tsiku lina munthu akatsamira umang'aluka. Ngati mukufuna mbali yotulukira kunja yokhalirapo ndi mipando, wa masentimita 3 usapitirire masentimita 25 popanda zitsulo zochirikiza, wa masentimita 2 usapitirire 15.

Malo ofooka kwambiri ndi kachigawo kopyapyala ka mwala ka kutsogolo kwa sinki ndi kwa chitofu. Auzeni kuti makona a bowo la sinki akhale ozungulira, osati akuthwa, chifukwa mng'alu umayambira pa kona yakuthwa. Ena amalimbitsa kachigawoko poika ndodo m'kati mwa mwala chapansi. Ikakhala ya chitsulo wamba, madzi akaifika imachita dzimbiri, n'kufufuma, n'kuswa mwalawo kuchokera m'kati. Funsani ya fibreglass kapena ya stainless steel. M'mphepete namonso muzungulitsidwe pang'ono, kuti poto akagunda musabenthuke.

Pitani mukaone chimwala chonsecho ndi maso, osati kachitsanzo kokha. Yendetsani chikhadabo pamizere yake. Chikakodwa, kapena mzere ukaonekera mpaka kuseri, umenewo ndi mng'alu, ndipo usagwere pa sinki kapena polumikizira. Kuseri mukapeza ukonde womatidwa ndi resin (guluu wolimba wonga pulasitiki), dziwani kuti mwalawo ndi wosachedwa kusweka ponyamula, choncho aunyamule choimika. Resin yemweyo ndi chifukwa china chosaikira poto wochoka pamoto mwachindunji: kutentha kumatha kumusintha mtundu, ndipo sabwereranso.

Wosema_miyala:
Mayi, ngati mayeso a mandimu aja akusiyirani chilema chimene simungapirire kuchiona tsiku lililonse, yang'anani granite woyererako kapena quartzite amene wakandadi galasi. Dolomite mutha kumuika kukhoma la kuseri kwa makabati, kumene mpeni ndi mapoto sizifika.