Kuwerenga mbalame mu Januwale, ndani anachitapo kuno ku UK?

Abale ndi alongo, ndithandizeni nzeru. Mwana wanga wamva kusukulu za Big Garden Birdwatch ya bungwe loteteza mbalame la RSPB, ndiye sakundipatsa mpata, akuti tichite nawo basi.

Zomwe ndamvetsa ndi izi: imachitika kumapeto kwa Januwale chaka chilichonse kuyambira 1979. Umakhala ola limodzi n'kumawerenga mbalame zimene zatera pabwalo la pakhomo pako, zongodutsa m'mwamba ayi. Sumaphatikiza zonse wazionazo, chifukwa imodzimodziyo imapita n'kubwereranso. Umalemba nambala yaikulu ya mtundu uliwonse imene waiona nthawi imodzi. Apa ndiye palibe vuto.

Pavuta ndi pozizindikira. Woodpigeon ndi collared dove ndikuzisiyanitsa: yoyambayo ndi chinkhunda chonenepa cha banga loyera pakhosi, inayo ndi njiwa yaing'ono ya kamzere kakuda kumbuyo kwa khosi. Robin ndi ya chifuwa chofiira, ngakhale mwanayo akuidziwa. Koma timbalame tofiirira tija, house sparrow ndi dunnock, kwa ine tonse ndi mpheta. Akuti dunnock ili ndi kamlomo kowonda ndipo imakonda kuyenda pansi m'munsi mwa mpanda, koma tikungothamangathamanga chonchija mumakaona bwanji kamlomoko? Pakufunika zoonera patali, kapena maso okha akwana?

China, ife timakhala pafulati ku Leeds, kuseri kulibe bwalo. Ndamva kuti kupaki amalola, koma kuzizira kwake kuja, mwana wa zaka 7 angapirire ola lathunthu? Amene munayesapo, nthawi yabwino ndi m'mawa kapena masana? Nanga ndikawaza chakudya kuti zibwere, sikubera kumeneko?